Mluzu Umene Sunali Wanga

1

Ndinalemba nyimbo yachikondi, mwamuna wanga n'kuiimba maulendo oposa mazana anayi akuganiza kuti ikunena za iye. Ndiyambire pamenepo, chifukwa ndatopa ndi anthu amene nkhani yangayi amaiyambira pa galu.

Dzina langa ndine Tegan. Kwa zaka khumi ndi zinayi ndinkaimba ndi mwamuna wanga Rowan, awiriwiri basi, iye gitala ine banjo. Zathu zinali nyimbo za kantiri zachikale zija, za anthu osweka mitima ndi misewu yosatha, zopanda ng'oma, zopanda zamagetsi. Tinkaima pa maikolofoni imodzi, masaya kutsala pang'ono kukhudzana, moti ndinkadziwa chimene wadya masana. Tinkazungulira m'mabala a ku Newcastle kumene tinkakhala, m'maholo a m'matauni ang'onoang'ono, ndipo Januwale aliyense tinkakapsa ndi dzuwa pa chikondwerero cha nyimbo za kantiri ku Tamworth.

Tinali ndi lamulo limodzi, ndipo analibweretsa ndi Rowan: wolemba nyimbo satsogolera. Ukalemba umam'patsa mnzako kuti aimbe, iwe n'kumangoperekeza ndi mawu apamwamba. Ati wolemba amainyengerera nyimbo yake ngati mwana wodwala. Pamenepo sananame, ndipo lamulolo linatithandiza zaka zambiri.

Anthu okonda nyimbo zamtunduwu ali ndi vuto lawo. Safuna nyimbo yokha, amafuna uwauzenso kumene inachokera. Apa ndiye panali pa Rowan.

"Iyi analemba ndi mkazi wangayu," ankatero uku akuchuna gitala. "Tili pa chibwenzi bambo ake sankafuna kundiona, ndiye ndinkaima kuseri kwa mpanda n'kuimba mluzu. Iye akangomva, zonse pansi, watuluka."

Azimayi n'kugwira pamtima, azibambo n'kumagundana zigongono. Bodza la mkunkhuniza. Bambo anga ankamukonda Rowan kuposa mmene ankandikondera ine, ndipo munthuyo mluzu satha. Akayesa amangokhala ngati akuuzira tiyi wotentha. Mluzu wa m'nyimbomo ndinkaimba ndine: mawu atatu, awiri okwera, lachitatu lotsika n'kuduka mwadzidzidzi. Ukangotha, Rowan n'kulowa ndi mawu ake okhuthala aja: "Ukaitana chonchi ndisiya zonse, ndibwera."

"Uleke bodza la mpanda lija," ndinamuuza tsiku lina tikubwerera kunyumba pa kaminibasi kathu.

"Ndi nkhani ya pa siteji, Teg. Yapweteka ndani?"

"Ine ikundinyansa."

"Chabwino, ndipatse yoona ndizinena. Mluzuwo unautenga kuti?"

"M'mutu mwanga."

"Waona? Nkhani yako ndi yosakoma. Yanga ili ndi mpanda."

Anaseka, ine n'kuyang'ana kunja. Ndikanamuuza yoona tsiku limenelo, banja ndi kuimba zikanathera limodzi mumsewu momwemo.

2

Ndinayesetsa kuipha nyimboyo. Mulungu ndi mboni.

Ndinati ndi yoziya, Rowan n'kuifulumizitsa. Ndinati yatopetsa anthu, tsiku lotsatira bala yonse n'kuiitanitsa kawiri. Ndikalemba mndandanda wa nyimbo zoimba tsikulo ndinkaisiya dala, koma nthawi zonse pankapezeka mayi wina kutsogolo wofuula kuti, "Ya mluzu ija!" Ndinalemba nyimbo zina zisanu ndi zitatu chaka chimenecho, zina zabwino kuiposa, ndipo palibe ngakhale imodzi imene munthu anaikumbuka.

Pamene ndinapambana ndi pojambula chimbale pokha. Ndinaumirira kuti m'malo mwa mluzu paikidwe vayolini, ndipo aimbe mochedwa, mokoka.

"Wapenga?" anatero Rowan. "Mluzuwo ndiye mtima wa nyimboyi."

"Pa wailesi mluzu umalasa m'makutu. Vayolini, apo ayi sindijambula."

Tinakhala masiku atatu tikulankhulana kudzera mwa mwini situdiyo, mpaka Rowan anagonja. Koma pa siteji anakana kwamtuwagalu, ati anthu amabwerera mluzuwo. Ndiye wailesi inkaimba vayolini, ine madzulo aliwonse n'kumaimba mluzu, tsaya langa pafupi ndi lake. Akafika pa mawu aja ankandiyang'ana m'maso, maso ake atanyowa. Zinkandikwiyitsa koopsa, ndipo chokwiyitsa kwambiri n'chakuti panalibe woti ndimukwiyire kupatula ine ndemwe.

3

Foni inabwera Lachiwiri m'mawa. Anali apongozi anga, mayi Noeline, kuchokera ku famu ya nkhosa ya banjalo kufupi ndi Walcha. Fraser, mkulu wake wa Rowan, anagubuduka ndi njinga yamoto ya matayala anayi pamalo otsetsereka. Anakam'peza atazizira kale, galu wake Biddy atagona pambali pake.

Abale awiriwa sankamwerana madzi. Fraser ankati Rowan anathawa nkhosa n'kukabisala kuseri kwa gitala. Rowan ankati mkulu wake amalankhula bwino ndi agalu kuposa ndi anthu. Kuyambira pa maliro a bambo awo, Rowan kumudziko ankangopitako ngati wokatenga moto, ndipo a kwawo anali asanationepo tikuimba pa siteji.

Ine famuyo ndinkaidziwa kuposa iye. Zaka zitatu m'mbuyomo Rowan anapita kutsidya kwa nyanja ku Nashville, kuchimake kwa nyimbo za kantiri, miyezi inayi kukayesa mwayi payekha, ndipo nthawi yomweyo mayi Noeline anagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Janelle, mkazi wa Fraser, ndi namwino ku Armidale, sakanasiya ntchito. Amene analibe chochita ndinali ine, ndiye ndinapita kukawasamala.

Pa maliro a Fraser sitinaimbe. Rowan sanathe ngakhale kumaliza kuwerenga vesi imene anam'patsa.

Patatha chaka Janelle anaimba foni, Rowan n'kuiika pa sipika tili patebulo.

"Tikamaliza kumeta nkhosa ndikufuna tikumane mu shedi yometeramo nkhosa, achibale ndi oyandikana nawo, timukumbukire," anatero. "Mubwere ndi zoimbira. Ndipo mudzaimbe ija ya pa wailesi, ya 'ndisiya zonse'. Ankaimvera kwambiri m'galimoto."

"Fraser?" anafunsa Rowan. "Ankamvera nyimbo yanga?"

"Mpaka kutopetsa."

Foni itaduka Rowan anakatenga gitala. Ine ndinakatsuka mbale zimene zinali zotsukatsuka kale.

4

Ndinali ndi masabata asanu oti ndizembe, ndipo ndinalephera onse.

"Ndi nyimbo yachikondi, si ya pa chikumbutso."

"Wapempha ndi mwini maliro."

"Ndiye tiimbe ngati ya pa wailesi, popanda mluzu."

"Vayolini tiitenga kuti? Ukufuna pakhale dzenje pakati pa nyimbo?"

"Ndiimba ndi banjo pamenepo."

"Teg, mkulu wanga sanandionepo ndikuimba. Ndikufuna ndimuimbire mmene timaimbira, osati yodula mchira. Vuto lako n'chiyani kwenikweni?"

Ndinati milomo yanga yang'ambika ndi mphepo. Anaima pa famase n'kundigulira mafuta opaka, mitundu iwiri. Munthu wabwino amatopetsa pamene iwe uli wolakwa.

Tinafika pa famu Loweruka cha m'ma leveni. Mayi Noeline ndinawapeza kukhitchini akudula keke, ndodo yawo itatsamira pa firiji. Titapatsana moni ndinafunsa ngati funso wamba.

"Amayi, Biddy ali kuti masiku ano?"

"Pansi pa galimoto ya Fraser, pambali pa shedi. Chaka chonse ali pomwepo. Amadya, n'kubwerera. Janelle waitana mpaka mawu kusasa, galu osadzutsa n'khutu lomwe. Nkhosa tikusuntha ndi agalu obwereka kwa a Col oyandikana nafewa." Anandiyang'ana. "Wawonda, mwana iwe. Sakukudyetsa uyo?"

Ndinapita kuseri kwa thanki ya madzi n'kukonza nzeru yanga yomaliza. Ndinaganiza zosintha mluzuwo: liwu loyamba lotsika, lachiwiri lotsikanso, lachitatu lokoka. Ndinayeseza chamumtima kakhumi, ndipo ndinaona kuti n'zotheka.

5

Mu shedi munali anthu pafupifupi zana, atakhala pa mabelo a ubweya ndi mipando yobwereka ku tchalitchi. Munkanunkha mafuta a nkhosa ndi soseji zowotcha. Dzuwa la masana linkalowa pa khomo lalikulu limene analisiya lotsegula. Janelle anakhala kutsogolo pafupi ndi apongozi, manja ali pamiyendo.

Nyimbo zinayi zoyamba zinayenda bwino. Pa yachisanu Rowan anachuna gitala, ndipo ndinamva akukoka mpweya mmene amachitira akamayamba nkhani. Ndinamuponda phazi koma sanamve. Anainena yonse, ndi mpanda womwe, pamaso pa anthu amene anamuona akukwawa.

"Iwe Rowan," anatero mayi Noeline mokweza, "unayamba liti mluzu? Iwe ngakhale nkhuku sunkatha kuitana."

Shedi yonse inafa nacho chiseko, Rowan naye n'kuseka, nkhope itafiira. Kenako anayamba kuimba.

Amene simunaimbepo nyimbo imodzi maulendo mazana anayi simungamvetse zimene zinachitika. Ikafika pamenepo nyimbo siikhalanso m'mutu, imakhala m'thupi. Vesi yachiwiri itatha Rowan anagwira nsambo kuti gitala ikhale chete, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono kundisiyira maikolofoni, monga ankachitira nthawi zonse. Ine ndinakoka mpweya ndikuganiza za liwu lotsika lija. Milomo yanga inatulutsa awiri okwera, lachitatu lotsika n'kuduka. Ndendende, mosaphonya ngakhale pang'ono, ndipo sipika inautumiza mpaka kubwalo.

Tinamva zikhadabo pa matabwa. Biddy analowa pa khomo lalikulu ngati mphepo, nthiti zikuoneka, fumbi lili thupi lonse. Anadutsa pakati pa mipando, n'kuzungulira kuseri kwanga akununkhiza, akufunafuna. Atasowa amene ankamufuna anabwera n'kukhala pansi atatsamira mwendo wanga wamanzere, mmene anaphunzitsidwira, akulira chapansipansi.

Rowan anali atayamba kale mzere wake. "Ukaitana chonchi ndisiya zonse…"

"Uwo ndi mluzu wa Fraser," anatero a Col, mlimi woyandikana nawo, osati mokweza, koma mu shedi munali zii. "Woitanira galu kuti asiye nkhosa abwere."

Rowan sanamalize mzerewo. Anayang'ana galu, n'kuyang'ana ine. Tinali pafupi kwambiri moti ndinaona nthawi yeniyeni imene mawu onse a nyimboyo anasintha mwini m'mutu mwake. Janelle anaimirira, n'kutuluka osathamanga.

6

Rowan ndinam'peza kuseri kwa shedi akulowetsa gitala mu kaminibasi. Biddy ankanditsatira pambuyo, ndipo ndinalakalaka nditam'thamangitsa ndi mwala.

"Munagona?" anafunsa osatembenuka.

"Ayi."

"Teg."

"Ndati ayi. Sanandigwirepo ngakhale dzanja."

Ndipo ndi zoona, ngakhale mpaka lero palibe amene amandikhulupirira. Miyezi inayi ija, ndikawasambitsa apongozi ndi kuwapatsa mankhwala, ndinkakwera kumbuyo kwa galimoto ya Fraser kukam'tsegulira mageti. Munthuyo pa tsiku ankalankhula mawu osakwana makumi awiri. Koma ankaona zinthu. Tsiku lina anandigulira magolovesi, ati waya angawononge zala za banjo. Rowan ankandiimbira foni kuchokera ku Nashville n'kulankhula ola lonse za Rowan. Ine ndinkaima pa geti m'mawa kukuzizira, n'kumamvera Fraser akulankhula ndi galu wake ndi mluzu kutsidya kwa chigwa, ndipo ndinayamba kum'konda ngati chitsiru. Sindinamuuze. Ndinabwerera ku Newcastle n'kulemba nyimbo.

"Iye ankadziwa?" anafunsa Rowan.

Apa ndiye panali poipa, ndipo ndinanena. Nditangoimaliza nyimboyo, ndisanam'patse Rowan, ndinaijambula pa foni n'kumutumizira Fraser. Anandiimbira tsiku lotsatira. Anati, "Alamu, nyimbo ndi yabwino. Chotsanimo mluzuwo. Ndipo musadzanditumizirenso kanthu." N'kudula. Sitinalankhulanenso awiri mpaka imfa yake.

"Ndiye vayolini ija," anatero Rowan.

"Eya."

Anakhala pa chitseko cha kaminibasi. "Ukukumbukira Khirisimasi imene chimbale chinatuluka? Anandiimbira foni. Koyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi. Anati, 'Ndakumva pa wailesi, waimba bwino, mng'ono wanga.' Unali pomwepo ukusenda mbatata. Ndinalira ngati mwana, iwe n'kundisisita pamsana."

"Mwina ankanena zoona, Rowan."

"Mwina. Kapena ankandimvera chisoni. Ndikam'funse kuti?"



"Bola mukanagona," anapitiriza. "Zikanakhala zanu awiri. Koma iwe unandipatsa ine kuti ndizimuimbira. Unkandichunira banjo, n'kuima apa," anagwira tsaya lake, "n'kumandiperekeza."

"Lamulo linali lako. Wolemba satsogolera."

Sindikudziwa chimene chinandilankhulitsa zimenezo. Anandiyang'ana ngati munthu amene wam'peza akuba m'thumba la maliro. Anatsitsa banjo yanga ndi chikwama changa n'kuziika bwinobwino pa udzu, chifukwa Rowan ngakhale atakwiya saponya choimbira. Kenako analiza galimoto.

7

Ndinagona m'kanyumba ka ometa nkhosa, popeza kunyumba yaikulu palibe anandiitana. M'mawa kutangocha chitseko chinatseguka popanda odi. Anali Janelle, atavala jombo za mwamuna wake.

"Vala nsapato."

Ndinkayembekeza mbama, ndipo ndikanailandira ndi manja awiri. M'malo mwake ananditengera kubusa la kumtunda, Biddy ali pambuyo pathu. Kutsogolo kunali nkhosa zongometedwa kumene, zoyera mbee, zitabalalika phiri lonse.

"Zilipo chikwi ndi zana limodzi," anatero. "Chaka chonse ndakhala ndikupemphetsa agalu a eni ngati wamasiye wopanda nzeru, galu wabwino kuposa onse m'dera lino ali gone pansi pa galimoto. Umadziwa ingati?"

"Chiyani?"

"Usandipusitse. Miluzu yake."

"Yonse isanu. Wakumanja, wakumanzere, woimitsa, wokankha, ndi woitana."

Anatseka maso kanthawi. "Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala naye, sindinaumvetsere ngakhale umodzi. Ndinkangoti ndi phokoso la kuntchito." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Ndiphunzitse."

"Janelle, ndikufuna mudziwe kuti ine ndi Fraser…"

"Ndikudziwa kuti sanakugwire. Ndinkam'dziwa mwamuna wanga. Ndipo usadzinamize za m'galimoto zija, ankamvera mng'ono wake, osati iwe. Yamba ndi woitana."

Kaya ankanena zoona kaya ankangofuna kundibaya, sindidzadziwa, ndipo sindiyenera kufuna kudziwa. Koma ndimafuna, ndipo zimandinyansa.

Tinatha masiku atatu. Ndinam'phunzitsa mmene ndikanaphunzitsira nyimbo: lilime apa, mpweya wochepa, liwu lachitatu ulidule ngati watseka chitseko. Janelle alibe khutu la nyimbo ngakhale pang'ono. Ankakweza pofunika kutsitsa, ine n'kumati, "Ayi, bwerezani," iye n'kumandiyang'ana ndi maso oti akanatha kundikwirira pomwepo. Biddy ankangotembenuza mutu uku ndi uku. Mayi Noeline ankatitumizira masangweji awiri masana, koma kwa ine sanalankhule liwu limodzi.

Tsiku lachitatu ndinakabisala kuseri kwa mtengo. Janelle anaimba woitana, wokhota pang'ono koma wake. Biddy anasiya nkhosa kutsidya kwa chigwa, n'kubwera chothamanga kudzatsamira mwendo wake wamanzere. Mayiyo anagwada n'kukwirira nkhope m'khosi mwa galuyo, ine n'kuyang'ana kumbali.

Masana omwewo Janelle anandiperekeza pa galimoto ku siteshoni ya sitima.  Nditatsitsa banjo anatsitsa galasi.

"Zikomo chifukwa cha galu," anatero. "Usadzabwerenso."

8

Papita zaka ziwiri. Ukwati unatha mwakachetechete, pa mapepala. Rowan amaimba yekha tsopano, ndipo ndimamva kuti sanenanso nkhani nyimbo isanayambe, amangoimba. Ine ndimagwira ntchito m'sitolo ya zoimbira, kumanga nsambo pa magitala a anthu ena.

Inu owerenga, ndikudziwa kuti mugawikana. Ena munena kuti ndine mkazi woipa, ndipo inu sindikutsutsani. Amene mumanditopetsa ndi inu achifundo, amene mumati, "Koma sunachite kanthu." Anzanga onse amatero. Ndinkadziuza zomwezo pa siteji iliyonse, kuti thupi langa ndi loyera, kuti ndi nyimbo chabe. Kukonda munthu wosayenera kumagwera aliyense, ndipo ndikanangokhala nako chete kukanazirala kokha. Ine chikondicho ndinachifunira anthu oombera m'manja. Ndinaona kuti nyimboyo ndi yabwino kwambiri moti sindikanatha kuitaya, ndipo ndinasankha nyimbo.

Ngati muli ndi chinthu chotere mumtima, chinyamuleni nokha, kapena chineneni poyera kwa amene chikumukhudza. Musachikulunge bwino n'kum'patsa kuti akunyamulireni iye osadziwa.

Rowan ndinam'landa zinthu zitatu: mkazi, nyimbo, ndi foni imodzi ija imene mkulu wake anamuuza kuti waimba bwino. Mkazi adzapeza wina, nyimbo adzalemba zina. Chachitatucho ndilibe kokachitenga kuti ndim'bwezere.